Mazira pa Mpando wa Mayi

Kugalaja ankawatcha a Sipanala, chifukwa ngakhale kumaliro sipanala inkasuzumira m'thumba la jekete lawo. Anali makaniko wanthabwala, koma pa galimoto ya malemu bambo awo sankasekerera munthu. Inali yamphuno yaitali, yakale kuposa mwini wake, ndipo pamsewu waukulu ankaipitirira ndi anjinga omwe.

Akazi awo anasiya kuikwera zaka makumi awiri zapitazo, tsiku lomwe mabuleki anakana pamtsetse, banja lonse n'kukathera mumpanda wa eni. A Sipanala zinkawawawa, ngakhale sankanena. Pampando wa mayi pankangokhala jeki.

Atapuma pantchito, a Sipanala anaigwira galimotoyo ngati mwana wodwala. Anaika mabuleki a disiki, matayala atsopano, malamba, giya yachisanu, mpaka magetsi okhotera, poti kale ankachita kutulutsa dzanja pawindo.

"Mayi, pano ikuuluka," anatero akuvinavina, "ndipo ikumaima!"

"Inu bambo, pakamwa sipayesa mabuleki. Mangani thireyi ya mazira pampando wangawo, mukathamange pamsewu waukulu, mukaime mwadzidzidzi. Likasweka limodzi, mundiiwale."

Mantha alibe wamkulu. M'mawa mwake mayi atapita kumsika, a Sipanala anawiritsa mazira onse makumi atatu, n'kuwaziziritsa m'beseni lotsukira masipeya. Masana anabwerako kumsewu akuliza hutala kuyambira pakona, mano onse pamtunda. Palibe dzira linasweka.

Mayi anatola limodzi n'kulizunguza pa boneti. Linazungulira ngati nguli.

"Bambo, nkhuku zake ndi ziti zoikira mazira akupsa?"

A Sipanala anatulutsa sipanala, kuiyang'ana, kuibwezanso m'thumba. Mayi anaseka mpaka kutsamira chitseko, misozi ili mbwee. Atapuma anachotsa thireyi ija, n'kukhalapo okha, n'kumanga lamba.

"Munthu mpaka kuwiritsa thireyi yonse kuti ine ndikhale apa? Tiyeni. Dzira laliwisi lija ndine."

Pamsewu waukulu singano ya liwiro itakwera kufika pomwe inali isanafikepo chibadwire, mtima wa a Sipanala unagunda kuposa injini. Anacheuka, phazi lili kale pa buleki. Mayi anali akusenda dzira, mpango ukuuluka.

"Mukuyang'ana ine? Pondani, bambo, lole iyo ikutisiya!"