Komiki Imene Biswick Sanaimalize

Biswick Nyirongo sanali munthu wosiya chinthu pakati. Tiyi akazizira ankamwabe, ulaliki ukatalika ankakhalabe mpaka ameni womaliza, ena onse atazemba. Ku London anabwera kudzaphunzira zowerengera chuma, ndipo sukuluyo anaimaliza, koma ntchito imene inamupeza inali yonyamula katundu pa nyumba ina ya okushoni m'katikati mwa mzinda. M'mawa ankakwera basi ku Thamesmead, kukavala magulovu oyera, n'kumanyamula mawotchi ndi mipando ya anthu amene anatsikira kulichete kalekale. Sankadandaula. Ankati iye amagwira zinthu zimene eni ake amaopa kuzikhudza.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinamuthera panjira. Ali mwana ku Limbe, bambo ake, omwe ankagwira ntchito ku njanji, anabwera ndi komiki yakale, kabuku ka nkhani ya zithunzi, imene mzungu wina anataya posamuka. Inali nkhani ya munthu wovala chisoti chachitsulo, amene anatsikira pansi pa nyanja kukafuna mng'ono wake m'sitima yomira. Pa tsamba lomaliza paipi yake ya mpweya inali itakodwa, madzi akulowa m'chisoti, ndipo pa zenera la sitimayo panali dzanja likugogoda. Masamba otsatira anali atathothoka. Ana a m'deralo anaiwerenga mpaka inafewa ngati sanza, akukangana ngati anthu awiriwo anatuluka amoyo. Anzakewo anakula n'kuiwala. Biswick sanaiwale, ndipo imvi zinamumera akudzifunsabe.

Ndiye tsiku lina mu 2006, Ivy, mayi woyang'anira mabuku pa okushonipo, anamuitana kuti akaike katundu watsopano m'kabati yagalasi. Biswick atayang'ana, anaona komiki pakati pa katunduyo. Chisoti chomwe chija! Koma iyi inali yathunthu, yowala ngati yasindikizidwa dzulo, itatsekeredwa m'kabokosi kolimba ka pulasitiki komata mbali zonse. Atafunsa ngati munthu angaone m'kati, Ivy anaseka mokoma mtima n'kumuuza kuti kabokosiko kakangotsegulidwa, mtengo umagwa nthawi yomweyo.

Kunyumba, mkazi wake Ellen sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Ndiye mwaipeza, bambo a Mwai? Tsegulani pa lunch break, muwerenge fasti, tipume nayo nkhaniyi."

"Ndi ya sealed, Ellen. Ndikangoyerekeza, ntchito yatha, mwinanso polisi."

"Buku loti sawerenga? Koma azungu!"

Tsiku la malonda anamusankha iyeyo kuti aimirire kutsogolo, atakweza komikiyo m'mwamba kuti anthu aione. Mtengo unayamba mwaulemu. Kenaka manja anayamba kukwera, matelefoni akulira, ogula ena ali kutsidya kwa nyanja. Unadutsa mtengo wa galimoto Biswick asanapume n'komwe. Unadutsa wa fulati yawo ya ku Thamesmead, n'kumapitabe, holo yonse ili zii, kumangomveka mawu a wogulitsa. Biswick anachita mantha enieni, mantha a munthu amene wanyamula khanda la eni pamalo poterera. Mapepala ochepa chabe, opepuka kuposa buledi! Nyundo ya wogulitsa itagunda anthu anaimirira kuomba m'manja, chifukwa pa nyumbayo panalibe komiki imene inagulidwapo pa mtengo wotero. Wogulayo palibe anamuona nkhope.

Masana omwewo Biswick anapeza mwini wakale wa komikiyo atakhala pa benchi m'khonde, chipewa chili pa mawondo. Anali nkhalamba ya ku Romford, dzina lake Killian, ndipo sankaoneka ngati munthu amene wangolemera kumene. Biswick analimba mtima. Anafotokoza za ku Limbe ndi masamba othothoka, n'kupempha chinthu chimodzi: amuuze mmene nkhaniyo inathera.



"Ine sindinaiwerengepo," inatero nkhalambayo. "Mkulu wanga anandigulira sabata imene ankapita kunkhondo, nati tidzawerengera limodzi akabwera. Sanabwere. Amayi anaiika m'dirowa, ndipo palibe anaikhudzanso. N'chifukwa chake ili yatsopano chonchija."

 Biswick zinamupweteka kwambiri, ndipo sanadziwe ngati akudzimvera chisoni yekha kapena akumvera chisoni nkhalambayo.

"Inu munaiwerenga," anatero Killian, akusendera kuti ampatse malo. "Muli nkhani yanji m'menemo?"

Biswick anavula magulovu n'kukhala pansi. Anasimba zonse mmene ankazikumbukira, za chisoti, za mdima wa pansi pa nyanja, za munthu wokana kubwerera kumtunda popanda mng'ono wake. Kuseri kwa chitseko ankamva anzake akumata bokosi la komiki ija lopita ku bwalo la ndege. Atafika pa dzanja logogoda pa zenera, anaima.

"Ndiye anamupeza?" anafunsa Killian.

"Yanga inathera pomwepo, bambo."

Nkhalambayo inagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

"Yambiraninso poyamba," inatero. "Koma musafulumire."