Makina Amodzi Saonetsa Kanema

Aleki Chimbalanga anabadwira ku Livingstone, ngakhale bambo ake anali a ku Ntcheu, mmodzi mwa anthu amene anabwera nthawi ya atsamunda kudzacheka matabwa ochokera ku Mulobezi. Bambowo ankafuna kuti mwana wawo alowe ntchito yomweyo, koma mwanayo anali nkhutukumve. Mtima wake unali m'holo ya kanema ya pakati pa tauni, momwe anayamba ngati wosesa makoko a mtedza. Tsiku lina mzungu woyendetsa makina anamuitanira m'kachipinda kam'mwamba kuti amugwirire chitini cha filimu, ndipo kusesa kunathera pomwepo.

Ana a masiku ano amaganiza kuti kanema ndi kungodina kabatani. Ayi ndithu. Filimu inkabwera pa sitima, m'zitini zolemera, itadulidwa m'magudumu angapo, ndipo gudumu limodzi silinkachedwa kutha. N'chifukwa chake m'kachipindamo munali makina awiri oimikidwa moyandikana, aliwonse ndi kawindo kake. Amodzi akamaonetsa, enawo amakhala atamangidwa kale gudumu lotsatira, makala ake ounikira chithunzi akuyaka. Kadontho kakaphethira pakona ya chithunzi, uyu amadzutsa makina ake. Kakaphethiranso, uyo amatseka ake, uyu n'kutsegula. Zikayenda bwino, anthu pansipo sankadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Mukaphonya, holo imada bii, kenaka likhweru, kenaka amakutchulirani amayi anu.

Pa makina akumanzere panali Aleki. Pa akumanja panali Mwiinga, Mtonga wa ku Simonga, wamtali, wandevu, wansangala, woti akaseka mpaka a m'holo kumumva. Awiriwa anakulira m'kachipindako. Anaona nthawi imene munthu wakuda ankalowera kukhomo lakumbali. Anaona makauboyi, amene aliyense anthu ankangomutcha Jeki. Anaona mafilimu achimwenye oliza azimayi, kenaka a karate, amene ankachititsa anyamata kutuluka m'holo akumenya mateche mitengo ya magetsi. Kutentha kwa mu Okutobala kukafika ankavula malaya onse awiri, n'kumamwera madzi m'botolo limodzi. Bambo a Aleki atamwalira, Mwiinga ananyamula nawo bokosi. Mkazi wa Aleki, Vailet, ankaseka nawo kuti mwamuna wake ali ndi akazi awiri, ndipo wamkulu ndi wandevu uja.

Kenaka inafika vidiyo. Munthu aliyense wokhala ndi kachipinda, wayilesi yakanema ndi mabenchi awiri anasanduka mwini kanema. Mafakitale a m'tauni anali kutsekedwa, anthu analibe zoti n'kumatayira ku holo, ndipo mafilimu ankafika atakalamba, odzaza mizere ngati mvula ikugwa. Cha m'ma 1994 mwini holo anaigulitsa kwa ampingo wina. Potsazikana anauza amuna awiriwa kuti aliyense atenge makina amene ankagwirapo. Anawonjezeranso filimu imodzi ya karate imene inaiwalika m'nyumba yosungiramo katundu.

Aleki sanalire. Anali ndi nzeru. Ku Libuyu, kumene ankakhala, kunali nyumba yakale yosungiramo chimanga, yaitali, yokhala ndi magetsi. Anati akaika makina awiriwo m'menemo, anthu a m'komboni aone chithunzi chachikulu ngati khoma, osati tianthu ta m'bokosi. Anamufotokozera Mwiinga atakhala pamasitepe a holo, ndipo Mwiinga anavomera ndi mtima wonse, anamugwira chanza, anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Anangopempha kuti makina ake ayambe akhala kwa mlamu wake ku Maramba kufikira malo atakonzeka.

Aleki anagwira ntchito ngati bulu. Anapaka laimu khoma lakutsogolo, anabwereka mabenchi, anatseka mawindo ndi masaka kuti muzida ngakhale masana. Anamanga kansanja ka matabwa kokwana makina awiri, ndipo mbali yakumanja anaiyeza bwinobwino poganizira kutalika kwa mnzake. Vailet anasoka nsalu yotchinga pakhomo. Akafunsa kuti nanga ba Mwiinga sakuonekera bwanji, Aleki ankamukalipira kuti asamayankhule za munthu amene sakumudziwa. Mwiinga akakumana naye pamsika ankangoti zonse zili bwino, ngolo wapeza kale, makina afika m'mawa wa tsikulo. Anafunsanso dzina lenileni la filimu ija, Aleki n'kumuuza mosangalala. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma Aleki ankaona ngati tsidya limeneli analiwoloka kalekale.

Tsikulo linali Loweruka masana. Libuyu yense anabwera: azimayi ndi ana kumsana, madala amene anaonera Jeki ali anyamata, ogulitsa ziboliboli ku mathithi amene anaweruka msanga. Ngolo ya Mwiinga ndiyo sinaoneke. Aleki anatuluka kukasuzumira kumsewu, analowa, anatulukanso. Anthu atayamba kuwomba m'manja mwaukali, anayatsa makina ake, akudziuza kuti mnzakeyo afika gudumu loyamba lisanathe.

Chithunzi chitagwa pakhoma, holo yonse inapuma mpweya umodzi. Nkhope ya munthu inali yaikulu kuposa chitseko. Aleki anamva misozi ikumutentha m'maso, ndipo sanachite nayo manyazi. Koma gudumu linatha, kadontho kanaphethira kawiri, kumanja kulibe munthu. Munada bii. Anachotsa gudumu lotentha, anamanga lina, anapisa filimu m'timano ta makina, uku anthu akuimba likhweru. Atayatsanso anaona kuti mabenchi akumbuyo achepa anthu. Gudumu lachiwiri litatha anamva mapazi ambiri akutuluka, ndipo mayi wina anafuulira mnzake kuti atuluke, filimu yomweyi ikuonetsedwa kutsidya kwa msewu, ndipo kumeneko siikuduka.

Aleki anatsika pakansanja paja n'kuwatsatira. Kuseri kwa golosale ina kunali chipinda chimene masiku onsewa ankachiona chikupakidwa penti, osachilabadira. Pakhomo pake panali Mwiinga, atavala malaya atsopano, akulowetsa anthu. Mkati munali wayilesi yakanema ndi vidiyo, ndipo tianthu ta m'bokosi tinali kumenyana ndewu yomwe ija Aleki anaisiya pakhoma.

Mwiinga atamuona sanathawe. Anangotsitsa maso pang'ono, n'kuyamba kufotokoza kuti ankafuna kumuuza koma ankasowa poyambira, kuti ana ake akufuna kudya, kuti dziko lasintha. Aleki anamudula ndi funso limodzi.

"Makina yali kuti?"

"Ninagulisa, ba Aleki. Ku loji ina kumbali kwa Zambezi. Bayaika pa khomo, bazungu bazijambula nayo. Mota banachosa."

"Na filimu iyi? Mu Livingstone yonse munasowa ina?"

Mwiinga anakanda kumutu. Anati anthu anali atamva kale dzina lake, Aleki anali ataitchukitsa m'komboni monse, ndiye kukanakhala kupusa kuonetsa ina. Ananena zimenezi mopanda njiru, ngati akufotokoza mtengo wa tomato, ndipo n'zimene zinamupweteka Aleki koposa. Munthu akakulakwira ali ndi mkwiyo, umadziwa pomugwira. Uyu anangowerengera, n'kupeza kuti mnzake wa zaka zonsezo ndi wothandiza kuitanira anthu. Pomaliza Mwiinga anamugwira paphewa.

"Osadandaula, mudala. Mungabwele muzinithandiza kubweza matepi kumbuyo. Ni nchito yopepuka."

Aleki anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa chinthu chonyowa. Ena mwa anthu amene anali pamzere anali oti anawalowetsapo mwaulere ku holo ali ana, ndipo tsopano ankamupempha kuti asunthe, akutchinga khomo. Anasuntha.

Anawoloka msewu akuganiza kuti apitiriza basi. Ngakhale atatsala anthu asanu, awaonetsa mpaka mapeto, kuti Libuyu adziwe kuti Chimbalanga sasiya filimu panjira. Atakankha nsalu ya pakhomo anapeza muli mbee. Mabenchi anali okhaokha, ndipo Vailet anali atakwera pa limodzi, akuzula masaka m'mawindo. Dzuwa linali litagwera pakhoma lija, likuonetsa mizere ya bulashi ndi ming'alu imene laimu analephera kubisa.

Aleki anamuuza kuti abwezere masakawo, magudumu atsala.

"Muonesa ndani, atate ake Chantel?" anafunsa Vailet, osati mwaukali.

Aleki anayang'ana mabenchi, anayang'ana kansanja kake kamene theka lake linali lopanda kanthu. Kutsidya kwa msewu anthu anakuwa ndi chimwemwe. Aleki anakwera pabenchi pambali pa mkazi wake, n'kugwira ngodya ina ya saka kuti lisang'ambike pa msomali, poti masakawo anali obwereka.