Nyali ya a Levison

A Levison Chikaonda anafika ku Area 12 ndi sutikesi imodzi ndi nyali yaikulu yokulunga m'chiguduli. Poyamba ankagwira ntchito padoko lina la kunyanja, kuyatsa nyali pamwamba pa nsanja kuti sitima zisaphonye polowera. Kenaka pansanjapo anaikapo getsi loyaka lokha, iwo n'kuuzidwa kuti akapume. Nyali yakaleyo palibe anaifuna, ndiye anaitenga.

Kuno analembedwa ntchito yosamalira maluwa panyumba yoyandikana ndi pomwe ine ndimakhala, m'kanyumba kakuseri momwe ndimasokera makatani. Panyumbapo panali thanki ya madzi pansanja yachitsulo. Sabata yoyamba anathirira maluwa. Yachiwiri anakwera makwerero n'kupachika nyali ija pambali pa thanki. Mbali yoyang'ana kunyumba anaitchinga ndi lata kuti kuwala kuzipita kumsewu kokha.

"Kodi madala, mukudikira sitima?" anafunsa abwana awo, a Orton.

"Ayi, bwana. Koma ikabwera ipeze tayatsa."

A Orton anawasiya. Parafini ankagula okha a Levison.

Kwathu kuno mipanda ndi yofanana, mageti ndi ofanana, ndipo manambala a nyumba amawadziwa ndi a bungwe la madzi okha. Posakhalitsa anthu anayamba kulondolerana njira ndi nyali ija. Malemu amuna anga ankayendetsa lole, ndipo ankakhota akaiona. Akabaza anayamba kuima pakona pomwepo, malowo n'kuwatcha Pa Nyali. M'mawa uliwonse a Levison ankapukuta galasi ndi nyuzipepala.

Chaka chatha nyumbayo inagulidwa ndi Mayi Zakia, amalonda a ku Old Town. Anati nsanja yachita dzimbiri, igwetsedwe isanagwere munthu. Ankanena zoona, ine ndinkaiona ikugwedera kukachita mphepo.

"Nanga anthu azikhota bwanji, mayi?" anafunsa a Levison.

"Ali ndi mafoni, bambo."

"Foni imatha moto."

"Nyali nayonso imatha mafuta."

"Yanga sinatheko," anatero.

Nsanja inagwetsedwa Lachiwiri. A Levison anakulunga nyali m'chiguduli chomwe chija n'kupita kwa mwana wawo Efelo ku Mchesi. Potsanzika anandiuza kuti pakonapo patha, pofika nthawi ya dzinja palibe adzapadziwe. Ndinawapatsa mapeyala.

Mwezi watha anabwera kudzatenga khasu lomwe anaiwala. Tinakumana ku City Centre, ine ndikuchokera kogula ulusi, ndipo tinapita limodzi kwa akabaza. A Levison anafotokoza njira yonse: kudutsa mpanda woyera, kusiya geti lakuda, kukhota pamtengo wa m'bawa.

"Mungonena kuti Pa Nyali, madala," anatero wakabaza wina wadazi.

"Pali nyali pamenepo?"

"Palibe. Ndi dzina chabe."

"Inapita kuti?"

"Kaya. Akuti kale kunali mkulu wina ankadikira sitima."

"Inabwera?"

"Ndiye ndidziwa bwanji? Kwerani."

A Levison anakwera, ine n'kukwera njinga ina pambuyo pawo. Titafika pakona anatsika, anayang'ana m'mwamba pomwe panali thanki, kenaka anagogoda pageti kufunsa khasu lawo.

Efelo akuti masiku ano nyali ili pansungwi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ogulitsa makala ayamba kale kuima pafupi.