Masamba a Pamsewu wa ku Ntchisi

Bambo anga anali mphunzitsi ku Mvera, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Chaka china m'nyengo yachisanu anabwereka galimoto ya mnzawo kuti akationetse nkhalango ya Ntchisi. Amayi anakhala kutsogolo, ine ndi mchemwali wanga kumbuyo, tikulimbirana bulangete limodzi.

Chifunga ngati cha tsiku limenelo sindinachionenso. Mitengo inkangotulukira pafupi ndi galasi n'kusowanso. Bambo, amene kuyendetsa anaphunzirira kuukulu, ankaliza hutala pakona iliyonse, ndipo sanaone masamba amene anayalidwa pamsewu. Kwathu masamba otero ndiye kuti pali maliro: wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, galimoto imachita kukwawa. Ife tinawaponda pa liwiro, hutala ikulira, mpaka anthu onyamula bokosi anathawira m'ngalande.

Mwala unaswa galasi lakumbuyo. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, anatchinga msewu ndi makasu. Anawatulutsa bambo m'galimoto powakoka ndi tayi yomweyo.

"Pepani, sindinaone," anatero bambo.

"Simunaone? Mwatiyesa tanyamula galu?"

Wina anawamenya ndi mpini pakhutu. Atagwa, onse anayamba kuwapondaponda m'nthiti. Mnyamata wovala malaya a chipani, amene ndinkayesa aleretsa, anangosuzumira pawindo n'kufunsa ngati tili ndi makhadi a chipani. Magazi ankatsikira m'kolala ya bambo. Ndinadzikodzera. Ndinaona kuti awapha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Amayi sanachonderere munthu. Anatsika, navula nsapato, namanga chitenje m'chiuno, n'kulunjika pamene panali azimayi a pamaliro. Anadzigwetsa pakati pawo.

"Mayo ine! Mayo, ndatsala ndekha ine!"

Analira mpaka mawu kusasa. Azimayi aja anaulandira mfuuwo, wina n'kuwagwira m'mapewa. Basi, tinasanduka anthu odzalira maliro, ndipo wodzalira samenyedwa. Bambo wina wachikulire anakalipa kuti zithe, anyamata aja n'kubwerera m'mbuyo akupumira m'mwamba.

Tinaperekeza bokosilo mpaka kumanda, bambo akudzandira, khutu atalimanga ndi mpango wa amayi. Khutu limenelo silinamvenso mpaka imfa yawo. Kunkhalango sitinafikeko.

Pobwerera, mphepo ikulowera pagalasi loswekalo, mchemwali wanga anafunsa amayi kuti womwalira uja anali mbale wathu uti.

"Sindikumudziwa," anatero amayi. "Ine ndimalira bambo anuwa."