Chumuni cha Bambo

Bambo anga anali dalaivala wa bwana wina wa ku Area 10, ndipo chimene anatolako kumeneko si chuma ayi, koma matama. Pomanga nyumba yathu ku Area 25 anakakamira kuti pabalaza pakhale malo osonkhapo moto ndi chumuni chake, ngati kwa bwana wawoyo. Mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa chumunicho asanapatsidwe mpando.

Moto unayakamo chaka choyamba chokha, ine ndili wamng'ono. Kenako bambo anangoti nkhuni zadula, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi anaikamo maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati wawo, ndipo kwa zaka makumi atatu ntchito ya malo amenewo inali kusunga fumbi.

Bambo atamwalira amayi anatsala okha m'nyumbamo, nyamakazi ili m'mawondo. Ikafika Juni ankalowetsa mbaula ya makala kuchipinda, kutseka chitseko ndi mawindo, n'kutsekeranso nsanza m'mipata kuti kamphepo kasalowe. Tsiku lina ndinabwera m'mawa kuchokera kwanga ku Kawale, n'kuwapeza ali gone pansi, atasanza, osatha kudzuka. Kuchipatala namwino anandikalipira ine ngati ndine ndinayatsa makalawo. Anati mpweya wa makala umapha mwakachetechete, ulendo wina sitidzawapeza amoyo. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga amatuluka ngati ukali.

"Amayi, mbaula ija sidzalowanso m'nyumba muno. Titsegula chumuni cha bambo muziotha pabalaza."

"Iwe, zisiye mmene anazisiyira bambo ako."

"Ndiye muziotha maluwa apulasitikiwo?"

Ndinadziwa kuti ndikangotembenuka mbaula ilowanso, choncho ndinakaitana mmisiri wa ku Biwi, bambo wachikulire wa kwawo ku Mangochi, wosakonda zolankhulalankhula. Anachotsa maluwa aja, n'kuyatsa nyuzipepala zakale ndi masamba ouma kuti aone kumene utsi ulowere. Utsi wonse unabwerera pabalaza. Tinathawira panja tikutsokomola, amayi akupukuta misozi uku akundiyang'ana ngati ndawabera nkhuku.

Mmisiri anakwera padenga ndi nyundo. Anapeza kukamwa kwa chumuni kuli komata ndi simenti. Ataswa anasolola chiguduli chowola, kenako kabotolo kokulunga ndi kansalu kakuda, m'kati muli timizu ndi singano. Anatsika nako, n'kukaika pakhonde mwaulemu.

"Amayi, katundu uyu ndi wanu?"

Tsono bambo anga anali mkulu wa mpingo. Anthu a zithumwa ankawadzudzula pa guwa mpaka thukuta kamukamu. Ine anandimenyapo chifukwa chovala kaulusi m'dzanja komwe mnzanga anandipatsa kusukulu.

Amayi anakhala pansi, n'kuulula. Chaka choyamba chija kadzidzi anatera pachumuni n'kulira masiku atatu otsatizana. Bambo anauza banja lonse kuti kadzidzi ndi mbalame chabe, Mkhristu saopa mbalame. Tsiku lachinayi analawirira kwa sing'anga ku Chinsapo atavala chipewa chofika m'maso, ndipo pobwerako anakwera okha padenga, amayi atawagwirira makwerero.

Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Amayi anayesa kukwiya koma zinawakanika.

"Nanga akabweranso?" anafunsa chapansipansi, ndipo ndinaona kuti funsolo silinali lanthabwala. Anali okonzeka kufa ndi makala kusiyana n'kumva kadzidzi padenga.

Mmisiri sanawaseke. Anati pamwamba aikapo sefa ya waya ndi kachipewa kosongoka ka lata, kuti mbalame isapeze potera ndipo mvula isalowe. Za kabotolo anati zimenezo si za ntchito yake. Amayi anakatenga ndi nsonga za zala n'kukaponya m'chimbudzi chakuseri, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Ntchito inatenga masiku awiri. Anapala mwaye wakale ndi tsache lomangirira kunsungwi, anamata ming'alu ya m'kati kuti utsi usatulukire m'mbali, anadula thabwa la denga lomwe linkakhudza njerwa za chumuni, n'kuyala njerwa zina pansi kutsogolo kuti nkhuni yothetheka isagwere pamkeka. Atayatsanso nyuzipepala, utsi unakwera bwinobwino osacheuka. Anawalangiza amayi kuti azisonkha nkhuni zouma zokha, zenera limodzi lizikhala lotsekula pang'ono, ndipo moto uzizima asanakagone. Amayi, amene ine sandimvera chilichonse, ankangoti inde bambo, inde bambo.

Madzulo a tsiku limenelo tinasonkha moto weniweni. Amayi anatambasula miyendo, n'kukwirira mbatata ziwiri m'phulusa, pamalo pomwe bambo ankaonetsa alendo monyadira. Mbaula anaitulutsa okha, n'kuisiya pakhonde.

Atabwerera anakoka mpando wa bambo, uja wakhala pakona chimwalirire eni ake, n'kuusendeza pafupi ndi moto. Ndinkaganiza kuti akundipatsa ine, koma nditati ndikhalepo anandigwira mkono.

"Asiye aotheko," anatero. "Amantha amenewa azizidwa zaka makumi atatu."