Bere la Akulu Anga

Akulu anga anafika kwanga ku Sinda nthawi yokolola chimanga, m'zaka zija sopo ankasowa m'masitolo. Ine ndinkaphunzitsa pa pulayimale. Iwo anakwatiwa kumudzi cha ku Vubwi, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Atapuma anandiitanira kuchipinda, n'kutenga dzanja langa kuliika pabere lawo lakumanzere. Munali kanthu kolimba ngati nthudza yosapsa.

"Kanayamba liti?" ndinafunsa.

"Tikubzala."

Miyezi yonseyo ali chete!

Tinapita kuchipatala china pamodzi ndi amuna awo, alamu anga. Kumeneko anadula kanyama n'kukatumiza ku Lusaka kuti akakayeze. Patapita milungu ingapo yankho linabwera lakuti ndi khansa. Adokotala anali otopa, panja mzere wa odwala utafika pakhonde. Analankhula Chizungu mothamanga kuti bere lonse lichotsedwe Lachinayi. Womasulira anangoti, "Mayi, akuti akuchitani opareshoni." Zochotsa bere sanazitchule n'komwe. Pepala lovomereza analipereka kwa alamu, amene anali atatambasula kale chala kuti adinde.

Ndinawagwira dzanja alamuwo. Ndinafunsa adokotala ngati panalibe njira ina, chifukwa ndinali nditawerengapo kuti kwina amachotsa chotupa chokha. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti kuno zimenezo sizichitika. Ndinapempha kuti tikaganize kaye.

Tili panja ndinawafotokozera zonse m'Chichewa. Alamu anayamba ndi kundikalipira.

"Inu aphunzitsi, mwayamba kudziwa kuposa adokotala?"

Koma atamvetsa kuti ndi bere lonse, anatembenuka pomwepo. Anati mkazi wawo sadulidwa, apita naye kwa munthu wina wa zitsamba kutsidya kwa malire, ku Malawi. Ine ndinaumirira za ku Lusaka. Tinakangana masiku atatu pakhonde panga, mwini wake wa matendawo ali pamphasa akusenda mtedza. Ndimachita manyazi kunena kuti nanenso sindinawafunse maganizo awo.

Tsiku lachitatu akulu anga anakankhira lichero pambali.

"Kodi bere mukulimbiranali lili pa chifuwa cha ndani?"

Kenako anapitiriza.

"Ndikufuna dokotala wina andiuze ine, m'chilankhulo chimene ndimamva. Ndikamva, chala ndidinda ndekha, kapena sindidinda."

Kalata yotitumiza ku Lusaka inatenga milungu iwiri. Tsiku lina wolemba kulibe, tsiku lina chidindo chatsekeredwa mu ofesi. Titaipeza, tinakhala masiku awiri pa Katete tikudikira basi, iliyonse yochokera ku Chipata ikufika yodzaza kale. Ku Lusaka anatiuza kuti tibwerenso sabata yamawa, kenako yamawa inanso, mpaka mwezi unatha. Akulu anga ankangosisita m'khwapa, osadandaula, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka kwambiri.

Dokotala amene tinamuona pomaliza anali wakwathu konkuno. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Anajambula bere papepala, n'kuwauza kuti kuchotsa chotupa chokha kumafuna kuti pambuyo pake malowo awotchedwe ndi makina, ndipo makinawo m'dziko muno munalibe. Anatinso matendawo anali atafika kale m'khwapa.

"Ndidzathanso kulima?" anafunsa akulu anga.

"Mudzalima, mayi, koma mkono ukhoza kumatupa."

"Nanga ndikakana?"

Anawauza mosabisa mmene chilonda chimaphulikira. Akulu anga anati, "Bweretsani inki."

Yankho linali lomwe lija la poyamba. Mawu amene anafunika kuti awamve sanatenge ngakhale theka la ola, koma kuti tiwapeze tinataya miyezi iwiri.

Bere analichotsa konko. Akulu anga anabwerera ku Vubwi, mkono unkatupadi, ndipo alamu anawasemera mpini wopepuka. Analima zaka zisanu matendawo asanabwerere m'mafupa.

Pamaliro alamu ananditengera pambali n'kunena kuti ndikanawasiya adinde tsiku loyamba lija, mwina mkazi wawo akanakhala alipo. Anali ataiwala za munthu wawo wa zitsamba uja. Sindinawakumbutse. Mpaka lero sindidziwa chimene miyezi iwiri ija inatidyera.