Foni Yanga M'manja mwa Basi Yonse

Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo sindifuna mafunso. Anzanga amene anapitiriza akujambulitsa atavala mikanjo ya ku koleji, ine ndikunyamula nsomba. Mayi anga amagula nsomba zaziwisi kwa asodzi a mumtsinje wa Kafue n'kukagulitsa ku Lusaka. Ine ndimayenda nawo, ndipo foni ndi yanga.

Foniyo galasi lake linang'aluka pakona, koma inasintha malonda athu. Kale mayi ankapsa ndi dzuwa pamsika kudikira ogula. Ine ndinayamba kujambula nsomba zikangotsika m'bwato n'kutumiza zithunzi kwa ophika m'malesitilanti, moti tinkakwera basi katundu ali kale ndi mwini wake. Mayi ankandinyadira kwa anzawo a kutchalitchi ngati ndine dokotala. Komatu foni ndi nsomba sizigwirizana. Chala chonyowa siichimva, mamba akamatirira pagalasi imayamba kulemba zake, ndipo kwathu ku Nangongwe magetsi amabwera akafuna okha.

Tsiku lina m'nyengo yotentha tinanyamuka batire ili yochepa kale. Tinali ndi bokosi lodzaza nsomba ndi ayisi, zonse za mzimayi wina wa lesitilanti amene anali atangoyamba kutigula, wolipira bwino koma wosachedwa kupsa mtima ngati ine ndemwe. Mpamba wathu wonse unali m'bokosimo. Titafika pa Shimabala, basi inatsokomola n'kuzima.

"Ni zing'ono chabe, ba bosi, tiyenda manje manje," anatero kondakitala.

Dalaivala analowa pansi pa basi, ndipo sanatulukeko msanga. Mabasi ena ankadutsa odzaza. Pansi pa bokosi lathu panayamba kudontha madzi.

Ndinamulembera mzimayi wa lesitilanti uja. Anayankha kuti nditumize kanema aone ngati nsombazo zikadali bwino. Ndinajambula, koma netiweki inkangobwera n'kuthawa, kanemayo osapita. Ndili chiimire, foni nditaikweza m'mwamba ngati wopempha mvula, agogo ena amene tinakwera nawo anandikoka malaya.

"Mwana wanga, nibwerekeko foni. Mwana wanga aniyembekeza ku chipatala."

"Batire yasila, gogo."

Mayi anatembenuka. "Yasila bwanji ikali kuyaka? Apatse."

"Mami, nsomba!"

"Iwe, nakamba apatse. Ni makolo aba."

Ndinawapatsa. Agogowo anayamba ndi moni. Anafunsa za ana, za apongozi, za nkhuku zimene zinkadwala, ndipo nkhani ya basi inabwera kumapeto kwenikweni. Atamaliza sanabweze kwa ine. Anapereka kwa bambo amene anakhala nawo pafupi, woti wachedwa kuntchito. Bamboyo anapatsira mtsikana wobereka mwana. Mayi ndi amene ankailandira pakati, kuipukuta ndi chitenje, n'kuipereka kwa wotsatira ngati mbale ya pamaliro. Pamene inkafika m'manja mwanga inali itazima.

"Zikaola muzadya ulemu wanu," ndinatero.

Mayi anatsegula bokosi, anadina nsomba imodzi ndi chala, n'kuinunkhiza.

"Zikali na kanthawi. Nyamula."

Tinakokera bokosi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato. Mayi anakola nsomba ziwiri zikuluzikulu m'makha n'kuzikweza kwa galimoto iliyonse yodutsa. Ine ndinagwira yanga pansipansi, maso ali ku mawindo a mabasi, kuopa kuti wina wa kusukulu andiona.

"Kweza dzanja, iwe! Ugulitsa olo ubisa?"

Anthu a m'basi anaseka. Ndinakweza. Agogo aja sanagule kanthu, koma anaima pambali panga n'kumakuwa kuposa tonse: "Za lero izi! Za mu Kafue!" Mawu awo anali aakulu kuposa thupi lawo.

Magalimoto ena anaima. Ogula ankaona okha kuti tapanikizika, ndipo ankatsitsa mtengo mopanda manyazi. Mayi ankangovomera, uku akuwadalitsa. Zitatsala zofewa zokha, anabwereka mpeni kwa mayi wa tomato, anandituma mchere pakantemba, ndipo tinazing'amba pomwepo, ntchentche zili ng'waa.

Ku Lusaka sitinafikeko. Nditatchaja foni kunyumba ndinapeza uthenga wa mzimayi uja, woti ndinene pamene tili atumize galimoto. Pansi pake panali wina, woti wagula kwina. Ndinawawerengera mayi mokweza, kawiri, kuti ziwapweteke.

"Pepa, mwana wanga," anatero, akuyala nsomba zamchere pathandala. "Koma agogo aja ananena bwino za iwe."

Mzimayi wa lesitilanti sanatiyankhenso mpaka lero. Mpamba unabwerera wowonda, komabe unatifikitsa kumtsinje sabata yotsatira, tinagula theka la bokosi. Malonda atadzukanso ndinagula kabatire koyenda nako m'thumba. Nakonso mayi amakabwereketsa.